Kuphunzitsa amisiri a kumudzi kugulitsa katundu wawo pafoni: malangizo kwa aphunzitsi a ku Mangochi

Amene anadutsapo msewu wochokera pa Boma kupita ku Monkey Bay akudziwa kuti luso silisowa kuno. Mikeka, zipewa za mlaza, madengu ndi ziboliboli zimayalidwa m'mbali mwa msewu kudikira galimoto yoti iime, koma zambiri zimangodutsa. Mmisiri wa ku Makanjira, kwa Katuli kapena kuseri kwa Namwera ndiye alibe ngakhale msewu woterewu. Iye amadikira venda wodzapikula, ndipo mtengo amanena ndi vendayo.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuphunzitsa amisiri otere kugulitsa kudzera pafoni, kaya ndinu wachinyamata wa m'mudzimo, mlangizi wa bungwe kapena mphunzitsi wa pasukulu. Mudziwiretu cholinga musanayambe: wophunzira aliyense agulitse chinthu chimodzi chenicheni kwa munthu amene sali m'mudzi mwake, ndalama ilowe pa nambala yake, katundu akafike. Zikachitika zimenezo mwaphunzitsa. Satifiketi ndi chithunzi cha gulu sizikutsimikizira kanthu.

Musanaitane munthu, yendani kaye

Pitani kwa amfumu mukafotokoze, kenako muyendere amisiriwo pamene amagwirira ntchito. Funsani kuti amagulitsa kwa ndani, pa ndalama zingati, ndi kuti chinthu chimodzi chimawatengera masiku angati. Onani foni imene ili pakhomopo. Funsani kumene amatchajitsa, ndi pamene amaima kuti netiweki igwire, chifukwa m'midzi ina ya kumapiri malo ake amadziwika ndi aliyense, mwina pachulu kapena pabwalo la sukulu. Maphunziro anu akachitikire pamenepo.

Gulu likhale laling'ono, anthu osapitirira asanu ndi atatu, kuti muthe kugwira foni ya aliyense. Pewani Lachisanu masana chifukwa ambiri amakhala ku mzikiti, pewaninso tsiku la msika. M'mwezi wa Ramadan phunzitsani m'mawa anthu asanalefuke. Ngati Chiyao simuchidziwa, pezani wothandizana naye wochidziwa. Amayi ambiri achikulire amamva Chichewa bwinobwino, koma funso lowavuta amalifunsa momasuka m'chinenero chawo.

Nkhani ya alawansi ineneni tsiku loyamba, poyera. Ngati palibe, nenani kuti palibe. Ena sabweranso mawa lake, ndipo musadandaule nazo, otsalawo ndiwo amene mumawafuna.

Foni ndi ya ndani, nambala ndi ya ndani

Apa ndi pamene maphunziro ambiri amagwera osadziwa. Woluka mkeka ndi mayi, koma foni ya intaneti ndi ya mwana wawo wamwamuna, kapena inatumizidwa ndi abambo amene ali ku Joni ndipo imasungidwa ndi mlamu. Palibe cholakwika kuti mwana azijambula ndi kulemba m'malo mwa mayi ake. Ndipotu muwaitane onse awiri, aphunzire limodzi. Koma ndalama izilowa pa nambala ya mwini luso, ngakhale foni yake ndi kakang'ono ka mabatani. Airtel Money ndi TNM Mpamba zimagwira pafoni iliyonse, sizifuna intaneti.

Nambalayo ikhale yolembetsedwa m'dzina la mmisiriyo ndi chiphaso chake cha unzika. Wogula akamatumiza ndalama amaona dzina la wolandira, ndipo akaona dzina losiyana ndi la amene amalankhula naye amayamba kukayika. Nambala yachinsinsi asankhe mwini wake, inu mutayang'ana kumbali, ndipo isakhale chaka chimene anabadwa.

Pa foni ya intaneti ija chitani zinthu zitatu limodzi ndi ophunzira. Ikani WhatsApp Business, WhatsApp ya ochita malonda, imene ndi yaulere. Tsekani zoti zithunzi ndi mavidiyo a m'magulupu azilowa okha, chifukwa ndi amene amadya bandulo usiku umodzi. Ndipo awonetseni kagulidwe ka bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook m'malo mogwiritsa ntchito mayunitsi. Ngati foni ili ndi malo ochepa, Facebook Lite ikwanira.

Mtengo usanafike pa intaneti, uwerengedwe pansi

Gawo ili musalithamangire. Likhoza kutenga tsiku lathunthu, ndipo foni zikhale m'matumba.

Amisiri ambiri sawerengera nthawi yawo. Mukafunsa amayi kuti mkeka uwu mwawonongapo zingati, ayankha za utoto wokha, chifukwa mlaza anadula okha ndipo kuluka amaluka madzulo akaweruka kumunda. Tengani nyemba kapena timiyala muwerenge nawo. Mulu woyamba ndi wa zogula: utoto, ulusi, misomali, vanishi, malinga ndi ntchito yake. Mulu wachiwiri ndi wa masiku: lodula mlaza, loyanika, olukira, osokera. Tsiku lililonse liikidwe pa ndalama imene munthu amalandira akagwira ganyu m'deralo. Mulu wachitatu ndi wa zinthu zimene malonda a pafoni amabweretsa: bandulo, kutchajitsa foni, kabaza wopita kusiteji, thumba lokulungira, ndi ndalama imene imadulidwa pokatapa kwa ejenti. Pamwamba pa milu itatuyi ndiye pabwere phindu.

Tiyerekeze kuti zogula zakwana K3,000, masiku akwana K9,000, za foni ndi kabaza K2,000. Ndiye kuti mkekawo wadya K14,000 phindu lisanalowe. Ngati venda amaupikula pa K8,000, amayiwo amakhala akumulipira vendayo kuti awatengere. Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu mugwiritse ntchito a m'dera lanu, koma nthawi zambiri pakafika apa gulu limakhala chete kaye, kenako phokoso.

Padzapezeka wina wonena kuti pa mtengo umenewo palibe angagule. Pamsika wa m'mudzi akhoza kukhala akunena zoona. Koma wogula wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amayerekeza ndi mitengo ya mumzinda, osati ya pa Namwera. N'chifukwa chake tikufuna kugulitsa pafoni.

Chinthu chilichonse chikhale ndi mitengo itatu yolembedwa m'kope: wa munthu wodzatenga yekha pakhomo, wa chinthu chimodzi chotumizidwa kutali, ndi wa wooda zambiri. Gulu ligwirizanenso mtengo wotsikitsitsa umene aliyense sadzapitirira wogula akamanenerera, apo ayi adzayamba kugwetsana okhaokha. Ndipo mitengo iwerengedwenso miyezi ingapo iliyonse. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, utoto ndi thiransipoti zinakwera nthawi yomweyo, koma amisiri ambiri anapitiriza kutchula mitengo yakale.

Chithunzi

Yambani ndi kupukuta galasi la kamera ndi nsonga ya chitenje. Zikumveka zachibwana, koma zithunzi zambiri zooneka ngati muli chifunga vuto lake ndi mafuta a zala.

Dzuwa la ku Mangochi ndi laukali, limafufutitsa mitundu ndi kuika mithunzi yakuda bii. Jambulani m'mawa kapena chakumadzulo, pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango pamene mthunzi wake ndi wodzaza, osati wa madonthomadontho. Kuwala kuchokere kumbuyo kwa wojambula. Kuseri kwa katunduyo kukhale khoma lozira bwino, mchenga wosesa kapena nsalu ya mtundu umodzi. Chitenje cha maluwa chimalimbana ndi dengu, maso a wogula osadziwa poyang'ana. Chotsani beseni, nkhuku ndi matayala a njinga.

Chinthu chilichonse chijambulidwe katatu. Choyamba chionetse chinthu chonse. Chachiwiri chiyandikire kwambiri, mpaka munthu aone mmene mlaza wapitirana, mmene m'mphepete mwasokedwera, pamene ulusi wathera. Apa ndi pamene mmisiri wabwino amasiyana ndi wongoyesa, ndipo wogula wozindikira amayang'ana pomwepa. Chachitatu chionetse kukula kwake: mkeka utayalidwa munthu atakhalapo, dengu lili m'manja, mpando wina ataukhalira. Onjezani kavidiyo kakafupi ka manja akuluka kapena akusema. Anthu amakonda kuona ntchito ikuchitika, ndipo kavidiyo kotere kamatsimikiza kuti katunduyo ndi wanu, simunangotola chithunzi kwina.

Zosintha mitundu pa chithunzi aletseni. Wogula akaona chofiira pafoni n'kulandira chofiirira, adzafuna ndalama yake. Nkhope ya munthu isajambulidwe asanavomere, ndipo ana asawaike pa zithunzi zamalonda.

Aliyense ajambule yekha, kenako zithunzi zizungulire gulu lonse anzake anenepo. Amaphunzira msanga podzudzulana kuposa pomvera inu.

Mawu a pansi pa chithunzi

Wogula akufuna kudziwa zinthu zochepa: ndi chiyani, chapangidwa ndi chiyani, n'chachikulu bwanji, ndalama zingati, chili kuti, ndipo chifika bwanji. Gulu likhale ndi tepi yoyezera imodzi, chifukwa "wamkulu ndithu" si muyeso. Uthenga ukhoza kukhala wotere:

"Mkeka wa mlaza, woluka pamanja kuno ku Mangochi. Mulitali mamita 2, mulifupi mita imodzi ndi theka. Mtengo K20,000. Timatumiza ku Zomba, Blantyre ndi Lilongwe, thiransipoti ndi ya wogula. Imbani kapena lembani pa WhatsApp."

Mtengo ulembedwe. Chizolowezi chomayankha kuti "inbox" munthu akafunsa mtengo ine ndimadana nacho, ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha. Munthu amaganiza kuti mukufuna muone kaye nkhope yake kuti mumutchulire mtengo womuyenera, ndiye amangopitirira.

Amene kulemba kumawavuta asaone ngati atsalira. Uthenga wa mawu pa WhatsApp umagwira ntchito bwino lomwe. Muwaphunzitse kudina, kulankhula mwachidule ndi kumvetsera asanatumize wina. Mayankho obwerezabwereza, monga nambala yolipirira ndi masiku otumizira katundu, alembedwe kamodzi n'kusungidwa mu WhatsApp Business kuti azingodina. Mawu a Chingerezi a alendo akunja akonzedwe ndi mmodzi wa m'gulu amene amachidziwa, akhale afupiafupi.

Kumene katundu aziikidwa

Yambani ndi sitetasi ya WhatsApp. Imafufutika pakatha maola 24, ndiye imafuna kuikapo kawirikawiri, koma zithunzi ziwiri kapena zitatu patsiku zakwana. Kumbukirani kuti sitetasi imaonedwa ndi anthu okhawo amene munasungirana nambala. Choncho ntchito yeniyeni ndi kusonkhanitsa manambala. Aliyense wogula pamsewu kapena pakhomo apemphedwe nambala yake mwaulemu, ndipo chinthu chilichonse chogulitsidwa chichoke ndi kapepala komangirira kolembedwa dzina la gulu ndi nambala. Dengu likakafika ku Area 25, mnzake wa wogulayo akalisirira, nambala ili pomwepo.

Ganizirani limodzi ndi ophunzira kuti ogula awo ndi ndani kwenikweni. Kuno kumabwera anthu a m'maofesi ochokera ku Lilongwe ndi Blantyre kudzachita misonkhano m'mahotela a m'mbali mwa nyanja, ndipo pobwerera amafuna kunyamulako kanthu. Kuli malo ogona alendo ku Cape Maclear ndi ku Monkey Bay amene amafuna mikeka, zotchingira nyale ndi madengu otayamo zinyalala, ndipo akakhutira amaodanso. Kuli okonza zinkhoswe ndi maukwati m'mizinda, ofuna malichero ndi timadengu tambiri tofanana. Kulinso abale amene ali ku South Africa, amene akhoza kuika zithunzi pa sitetasi zawo kapena kugulira makolo awo kuno kumudzi. Mmisiri aliyense atchule anthu khumi amene angawatumizire zithunzi sabata yomweyo.

Zikatero dzazani katalogi ya mu WhatsApp Business, chinthu chilichonse ndi chithunzi ndi mtengo wake. Facebook ibwere pambuyo: tsamba limodzi la gulu lonse, ndi kuika katundu m'magulupu a zogulitsa a m'mizinda, mutawerenga kaye malamulo a gulupulo. Oyang'anira tsamba akhale awiri, kuti mmodzi akasamuka kapena akakwiya tsamba lisapite naye. Zolipira Facebook kuti ionetse malonda anu kwa anthu ambiri zisiyeni kaye.

Kuyankha wogula

Izi zimaphunzirika pochita sewero. Inu khalani wogula, mukhale panja, muzilemba mauthenga enieni ku foni ya wophunzira. Khalani wogula wovuta. Funsani mtengo umene walembedwa kale. Nenererani mpaka theka. Funsani mtundu umene palibe. Khalani chete pakati pa nkhani.

Wophunzira azolowere kupereka moni kaye, kuyankha chimene wafunsidwa, ndi kukana mwaulemu: "Pepani bwana, pamenepo sindingathe, koma mukatenga iwiri ndikuchotserani pang'ono." Azolowerenso kunena zoona za nthawi. Ngati mpando utenga masabata awiri, anene masabata awiri, osati "mawa" pofuna kusangalatsa munthu. Ndipo popeza foni siikhala yoyaka tsiku lonse, gulu lisankhe nthawi ziwiri patsiku zoyang'ana mauthenga, n'kuzilemba pa WhatsApp Business kuti ogula adziwe.

Ndalama, ndi akuba a pafoni

Lamulo ndi limodzi, ndipo libwerezedwe mpaka aliyense aliloweze: katundu sachoka ndalama isanaoneke mu akaunti. Uthenga wonena kuti mwalandira ndalama si umboni, chifukwa akuba amalemba wofanana nawo n'kuutumiza kuchokera pa nambala wamba. Chithunzi cha risiti chotumizidwa pa WhatsApp si umboninso. Mwini foni ayimbe yekha *211# ngati ali pa Airtel Money kapena *444# ngati ali pa Mpamba, aone ndalama zimene zilimo. Aliyense achite zimenezi pamaso panu kangapo. Tumizirananidi kandalama kochepa m'kalasimo kuti aone mmene uthenga weniweni umaonekera ndi kumene umachokera.

Auzeni za machenjera ofala. Wina amaimba akulira kuti watumiza ndalama molakwika, mumubwezere, pamene sanatumize kalikonse. Wina amati ndi wa ku kampani ya foni, akufuna nambala yachinsinsi kuti akonze akaunti. Wina amaoda katundu wambiri, n'kunena kuti mutumize kaye ndalama ya fomu kapena ya msonkho. Winanso amapempha manambala asanu ndi imodzi amene abwera pa uthenga, ndipo mukamupatsa walanda WhatsApp yanu n'kuyamba kupempha ndalama kwa makasitomala anu m'dzina lanu. Yankho la zonsezi ndi kudula foni. Zikachitika, akanene msanga ku kampani ya foniyo ndi kupolisi. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi milandu ya pa intaneti, ndipo kuba kotere ndi mlandu.

Wogula nayenso amaopa kuberedwa, ndipo ali ndi chifukwa. Pa katundu wochita kuoda, njira yabwino ndi theka poyamba, theka lotsala katundu akatha, wogula ataona chithunzi chake, asanakwezedwe galimoto. Makasitomala okhutira apemphedwe chithunzi cha katundu ali m'nyumba mwawo ndi chilolezo choti chiikidwe pa sitetasi.

Kutumiza

Mkeka upindidwe mozungulira, ukulungidwe m'thumba, usokedwe kukamwa. Madengu alowetsedwe lina m'kati mwa linzake. Ziboliboli zikulungidwe ndi mapepala, makamaka mbali zoonda monga makutu ndi miyendo, zilowe m'katoni yolimba. Miphika ndi mitsuko ya dothi ndi nkhani ina: pa msewu wa mabampu imasweka ngakhale mutaika udzu wochuluka, ndiye oumba ayambe ndi ogula apafupi kapena tinthu ting'onoting'ono. Dzina ndi nambala ya wolandira zilembedwe pa thumba penipenipo ndi cholembera chosafufutika.

Pa Boma pali positi ofesi ndi makampani otumiza katundu amene amapereka risiti. Njira imeneyi ndiyo yoyamba kuiganizira, ndipo pitani ndi ophunzira mukafunse mitengo limodzi, mutanyamula katundu weniweni, popeza zinthu zopepuka koma zazikulu monga mipando zimalipitsidwa potengera malo amene zatenga. Ambiri adzagwiritsabe ntchito minibasi za pa msewu wa M3 wodzera ku Liwonde ndi Zomba chifukwa n'zotchipa. Ngati ndi choncho, ajambule nambala ya galimoto, atenge nambala ya kondakitala, ajambulenso katundu ali m'galimotomo, zonsezo atumize kwa wogula nthawi yomweyo. Gulu lisankhe tsiku limodzi pa sabata lotumiza, munthu mmodzi anyamule za onse, kabaza alipidwe kamodzi.

Zotumiza kunja kwa dziko musayambe nazo. Mtengo wotumizira ukhoza kuposa wa katundu, ndipo pali mapepala ake. Osema adziwe kuti mtengo wa phingo uli m'gulu la mitengo imene malonda ake a pakati pa mayiko amayang'aniridwa ndi pangano la CITES kuyambira 2017, choncho oda yakunja ya ziboliboli ikabwera, ayambe afunsa ku ofesi ya zankhalango asanalandire ndalama ya munthu.

Kope, ndi kubwereranso

Mmisiri aliyense akhale ndi kope la sukulu lolembamo tsiku, dzina la wogula, chimene wagula, ndalama imene walipira, yotsala, ndi tsiku limene katundu wafika. Foni imatayika, imagwera m'madzi, imabedwa. Manambala a makasitomala alembedwenso m'kopemo. Ngati gulu lili ndi banki mkhonde, ligwirizane kandalama kochotsa pa malonda aliwonse kogulira bandulo ndi kukonzetsa foni.

Bwererani pakatha masabata awiri, mubwererenso pakatha mwezi, ndipo mukafika pemphani kuona foni ndi kope, osati kungofunsa kuti zikuyenda bwanji, chifukwa yankho lidzakhala lakuti zikuyenda. Ngati palibe amene wafunsa n'komwe, vuto ndi kuchepa kwa manambala kapena zithunzi. Ngati akufunsa koma osagula, werengani mauthengawo muone pamene nkhani inathera: mwina yankho linachedwa masiku atatu, mwina thiransipoti inatchulidwa mochedwa wogula n'kudzidzimuka. Ngati anagula kamodzi osabweranso, yang'anani katunduyo.

Konzekeraninso tsiku limene oda yaikulu idzabwere, chifukwa imasokoneza gulu kuposa kusowa kwa malonda. Malo ogona alendo akafuna zipewa makumi asanu zofanana, oluka asanu adzaluka zipewa za misinkhu isanu. Pakhale chitsanzo chimodzi chimene onse aziyezerapo, ndi munthu mmodzi amene gulu lamupatsa mphamvu yobweza chosalukidwa bwino, ngakhale chitakhala cha apongozi ake. Agwirizane kagawidwe ka ndalama ntchito isanayambe, zilembedwe. Ndipo asanavomere tsiku, awerenge mlaza wouma umene ali nawo. M'nyengo ya mvula mlaza suuma msanga ndipo umachita nkhungu ukasungidwa ponyowa, pomwenso anthu ali kumunda, choncho oda ya mu January ipatsidwe masiku ochuluka kuposa ya mu August.